Pakamwa posatuluka maluwa

Mu Febuluwale 2020 kudatuluka buku la ndakatulo 158 lotchedwa No Roses from My Mouth. Mlembi wake, mayi Stella Nyanzi a ku Uganda, adalemba ndakatulozi ali m'ndende ya amayi ya Luzira mumzinda wa Kampala, ndipo chidawalowetsa m'ndendemo ndi ndakatulonso, imodzi yokha, yomwe adaiika pa Facebook. Mutu wa bukuli ukuchenjezeratu: wofuna maluwa akafune kwina, pakamwa apa satulukapo. Ndaliwerenga kawiri, ndipo ndikufuna tikambirane mafunso awiri amene anthu amakonda kuwasakaniza ngati nyemba ndi miyala. Kodi ndakatulozi nzabwino? Nanga mlembi wake adayenera kumangidwa?

Tiyambe ndi mwini nkhani. Mayi Nyanzi ndi munthu wophunzira zedi, dokotala wa kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu ndi zaumoyo, ndipo ankagwira ntchito pa yunivesite ya Makerere. Pokopa anthu chisankho cha 2016 chisanachitike, Pulezidenti Yoweri Museveni, amene adatenga boma mu 1986, adalonjeza kuti atsikana a m'sukulu adzalandira mapadi aulere kuti asamajombe akakhala kumwezi. Chisankho chitadutsa, kumayambiriro kwa 2017, nduna ya zamaphunziro idauza aphungu kuti ndalama za mapadiwo palibe. Nduna yakeyo inali mayi Janet Museveni, akunyumba kwa Pulezidenti. Mayi Nyanzi adawathira mawu pa Facebook mosapsatira, nayambitsa ntchito yosonkha ndalama zogulira atsikana mapadiwo.

Taonani tsono mmene zidayendera. Bwana wa kuntchito adawaluma: yunivesite idawaimitsa ntchito kumapeto kwa Malichi 2017. Patangopita sabata imodzi, pa 7 Epulo, apolisi adawanjata chifukwa cha zimene adalemba m'mbuyomo, zofanizira Pulezidenti ndi matako awiri. Adakhala m'ndende masiku 33, ndipo aboma adapempha khoti kuti mayiwa akapimidwe mutu, potsamira lamulo la atsamunda la 1938. Ndiye kuti nkhani yoyambira pa mwana wa sukulu wosowa kansalu idadzera mu ofesi ya bwana nkukathera m'chitokosi. Sukulu, ntchito ndi boma zidagwirana manja kutseka pakamwa pamodzi.

Koma pakamwapo sipadatsekeke. Mu Sepitembala 2018, a Museveni atakwanitsa zaka 74, mayi Nyanzi adaika pa Facebook ndakatulo ya tsiku lawo lobadwa, yotchula ziwalo zobisika za malemu mayi awo a Pulezidenti ndi kudandaula kuti bola mwanayo akadapanda kubadwa. Adamangidwa pa 2 Novembala. Mu Ogasiti 2019 khoti lidawapeza olakwa pa mlandu wozunza munthu kudzera pa kompyuta, malinga ndi lamulo la Computer Misuse Act la 2011, nkuwalamula kukakhala kundende miyezi 18. Pa 20 Febuluwale 2020 khoti lalikulu lidafafaniza chigamulocho, mwa zina chifukwa sadapatsidwe mwayi wokwanira wodziteteza. Apa nkuti atakhala kale m'ndende miyezi yoposa 15, ndipo ali momwemo adapita padera. Buku tikukambali lidabadwira m'miyezi imeneyi.

Lili ndi zigawo zitatu: za m'ndende, za ufulu wa amayi, ndi za dziko la Uganda. Kwa ine mtima wa bukuli uli m'chigawo choyamba. Mayi Nyanzi akaiwalako a Museveni nkuyang'ana amayi amene akugona nawo pansi, diso lawo la kafukufuku limagwira ntchito. Amaona kuthithikana, uve, nkhanza za oyang'anira ndende, ndi amayi osauka amene akungodikira milandu yosayenda. Akamalira mwana wawo amene sadamuone, mawu amachepa, mkwiyo umatsika pansi nkusanduka chisoni, ndipo wowerenga umayamba waika buku pambali kaye. Apa mpamene ndikuti pali mlakatuli weniweni. Chizungu chake nchapafupi, chopanda zokometsera, choti aliyense amene adafika Fomu 2 angachimve. Kawirikawiri mizere imayamba ndi mawu amodzimodzi mobwerezabwereza, ngati mlaliki wa pamsika kapena wotsogolera nyimbo amene akudikira kuti gulu livomere. Nzolembera khutu ndakatulo zimenezi, ndipo zimakoma ukaziwerenga mokweza.

Komatu chilungamo chiyenera kunenedwa. Ndakatulo 158 zachuluka. Zambiri, makamaka m'chigawo chomaliza, ndi nkhani za ndale zongodulidwa m'mizere, zonena zimene wowerenga aliyense wa nyuzi akuzidziwa kale: katangale alipo, apolisi amamenya anthu, mtsogoleri wakhalitsa. Nzoona zonsezo, koma ndakatulo imafunika ikuonetse chinthu chimene sudachione, kapena ikuonetse chakale ndi maso atsopano. Kutukwana nakonso kuli ngati tsabola. Kamodzi amadzutsa mudyo, koma ukathira m'ndiwo zonse, m'phala ndi mu tiyi momwe, lilime limafa. Pofika pakati pa buku mawu olaula aja amene poyamba amakudzidzimutsa amakhala atazolowereka, sakulumanso. Mkonzi wouma mtima akadasankhapo 50, bwenzi tili ndi buku loopsa kwambiri. Ndikumvetsa chifukwa chake akonzi sadatero. Mayi Nyanzi adanenapo kuti zolemba zawo zina oyang'anira ndende ankalanda, ndiye pepala lililonse lopulumuka linali ngati mwana wopulumuka pamoto. Ungataye liti? Motero bukuli ndi umboni woyamba, luso likubwera pambuyo.

Ife kuno sitingawerenge buku lotere osakumbuka a Jack Mapanje. Iwo ndi anzawo a Writers Group pa Chancellor College adaphunzira kulankhula mokuluwika, kubisa mfumu m'nthano ndi m'zinyama, chifukwa bungwe lounika mabuku lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968 linkawerenga chilichonse. Buku lawo Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, lidachotsedwa m'sukulu ndi m'masitolo mu 1985, ndipo mu Sepitembala 1987 eni ake adatengedwa kupita ku Mikuyu komwe adakhala mpaka Meyi 1991 popanda mlandu. Njira ziwiritu izi: wina nanzikambe wosintha mtundu, wina njuchi yoluma masana dzuwa likuswa mtengo. Onse awiri adakathera m'ndende. Amene amati mayi Nyanzi akadalankhula mwaulemu sakadamangidwa akafunse a Mapanje ngati kukuluwika kudawapulumutsa. Kusiyana kuli pa luso. Ndakatulo yokuluwika imakhalitsa, chifukwa wolamulira akachoka imapeza wina womuvala. Ndakatulo yotchula dzina imagunda msanga ndi mwamphamvu, koma imakalamba limodzi ndi mwini dzinalo.

Ena amati kutukwana akulu si chikhalidwe chathu cha mu Africa. Mwati bwanji? Amene adamvapo nyimbo za pamtondo akudziwa mmene mayi amamusambitsira chokweza mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mudzi wonse ukumva, popanda womuzenga mlandu. Nyimbo za kuchinamwali ndi za kudambwe zimatchula zinthu ndi maina ake. Adzukulu pamaliro amaseka ndi kunyoza anamfedwa. A Leroy Vail ndi a Landeg White, m'buku lawo la 1991 la Power and the Praise Poem, adaonetsa kuti m'chigawo chathu chino nyimbo inali ndi chilolezo chonena zimene pakamwa wamba sipakadanena. Ku Buganda komweko, m'zaka za m'ma 1940, omenyera ufulu ankachita mwano dala pofuna kuvula ulemu wabodza wa atsamunda ndi mafumu owagwirira ntchito. Mayi Nyanzi akuyenda m'mapazi a anthu amenewo.

Chasintha nchakuti chilolezo chija chinali ndi malo ake ndi nthawi yake. Nyimbo ya pamtondo inkatha mphale ikayera. Intaneti ilibe mpanda, ndipo siiwala. Zimene walemba usiku uli pamphasa pako, m'mawa zili pa tebulo la bwana, la ahedi, ndi la mkulu wa apolisi, ndi dzina lako pamwamba. Kale wounika mabuku ankaletsa buku lisanafike kwa anthu. Lero mawu amafika kaye kwa anthu, chilango chimabwera pambuyo, ndipo cholinga chake nchoti ena onse oonerera adziluma okha lilime. Mphunzitsi kapena kalaliki wa m'boma amene adaona dokotala wa pa Makerere akuimitsidwa ntchito sadafunikenso kuuzidwa kanthu. Boma la Uganda silidalekere pomwepo. Mu Julayi 2018 lidaika msonkho wa mashilingi 200 patsiku kwa aliyense wofuna kulowa pa Facebook kapena WhatsApp, a Museveni ati pofuna kuchepetsa miseche, ndipo msonkhowu udakhalapo mpaka 2021. Mu Januwale 2021, nthawi ya chisankho, lidatseka Facebook kenaka nkuzimitsa intaneti yonse kwa masiku angapo.

Pa ndakatulo ya tsiku lobadwa ija, ine ndili ndi mawu. Sindiikonda. Mayi wakufa uja sadalamulepo dziko, sadamangepo munthu. Kulasa mwamuna podzera pa thupi la mayi ake ndi njira yakale ya amuna otukwanizana kumowa, ndipo zimandidabwitsa kuiona m'manja mwa munthu amene chigawo chathunthu cha buku lake chikumenyera ulemu wa thupi la mkazi. Otsatira mayi Nyanzi amayankha kuti mawu aulemu adanenedwa kwa zaka 30 osamveka, ndipo kuti olaulawa ndiwo adagwedeza nyumba ya boma. Pamenepo akunena zoona. Komabe kugwedeza kokha sikusandutsa mawu kukhala ndakatulo yabwino.

Tsono onani chimene ndachita apa. Ndaidzudzula ndakatuloyo, ndapereka zifukwa, ndipo wosagwirizana nane atha kulemba kalata kwa mkonzi sabata yamawa. Chilango choyenera ndakatulo yoipa nchimenechi basi: kuitsutsa, kuiseka, kapena kuisiya osaiwerenga. Wapolisi alibe gawo pa nkhani ya luso. Ndipo lamulo lomanga munthu chifukwa wakhumudwitsa wina limakhala chikwanje m'manja mwa amphamvu okhaokha, pakuti mayi wogulitsa tomato akatukwanidwa pa WhatsApp palibe galimoto ya polisi imene imanyamuka. Khoti loona za malamulo aakulu ku Uganda lidaona vutoli, ndipo mu Januwale 2023 lidathetsa gawo 25 la lamulo lija, lokhudza mauthenga okhumudwitsa, ponena kuti silinkalongosola bwino chimene likuletsa. Apo nkuti mayi Nyanzi atachoka kale m'dzikomo kupita ku Germany mu 2022.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Malamulo aakulu a dziko lathu, pa gawo 35, amapatsa aliyense ufulu wolankhula. Aphungu adachotsa milandu youkira boma ndi mawu mu 2022, ndipo mu Julayi 2025 khoti lidathetsa gawo 200 la malamulo a milandu lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina. Izi nzoyamika. Koma lamulo lathu la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act lidabwera ndi gawo 87 la mauthenga okhumudwitsa, lofanana ngati mapasa ndi lija adathetsa ku Uganda, ndipo mu 2022 namwino wina adamangidwa chifukwa cha zimene adalemba pa WhatsApp zokhudza mtsogoleri wa dziko. Tidavotera matipate mu 1993 tikudziwa kuti walira mvula walira matope. Ufulu wolankhula umabwera ndi mwano wake, ndipo amene akufuna mpando ayenera kukhala ndi khungu lolimba.

Ndiye bukuli muliwerenge? Ee, lipezeni. Yambani ndi chigawo cha m'ndende, muwerenge mokweza, pang'onopang'ono. Zina mudzazidumpha, ndipo simudzalakwa. Alakatuli anzanga achinyamata amene mukuika ntchito zanu pa intaneti, tengerani kwa mayiwa kulimba mtima ndi diso loona anthu oiwalika. Tsabola yekhayo muzithira ndi muyezo, chifukwa cha luso, osati chifukwa choopa apolisi.