Kanema wa The Swimmers ndi ana athu a m'mbali mwa nyanja

Ophunzira athu ena a ku madrassa anatifunsa ngati kanema wa The Swimmers ndi woyenera kuonera banja la Chisilamu. Sitinafune kuweruza chinthu chimene sitinachione, choncho tinamuonera yense, maola awiri ndi mphindi zingapo. Yankho lathu ndi lakuti makolo a kuno kunyanja ali ndi chifukwa chomuonera, koma si kanema woti n'kusiyira ana okha pafoni.

Kanemayu anatuluka mu 2022 pa Netflix, ndipo anamutsogolera ndi Sally El Hosaini. Maziko ake ndi nkhani yoona ya Sara Mardini ndi mng'ono wake Yusra, asungwana a ku Damascus m'dziko la Syria. Bambo awo, a Ezzat, anali mphunzitsi wa masewera osambira, ndipo anawalowetsa m'madzi akadali aang'ono kwambiri. Mu August 2015, nkhondo itafika povuta, asungwanawa anathawira ku Turkey. Pofuna kuoloka nyanja ya Aegean kupita pachilumba cha Lesbos ku Greece, anakwera kaboti kopopa koyenera anthu 6 kapena 7, koma munalowa anthu pafupifupi 20. Injini inazima ali pakati pa nyanja, madzi n'kuyamba kulowa. Awiriwa analumphira m'madzi kuti boti lipepuke, nakhala akuligwira ndi kuliwongolera kwa maola oposa atatu kunja kukuda. Onse anafika kumtunda amoyo. Yusra anali ndi zaka 17. Ife amene timadziwa mmene boti lodzaza mopyola muyezo limamvekera Mwera ukayamba, sitikusowa wotimasulira chigawo chimenechi.

Chimene kanemayu wachita bwino ndi kuonetsa kuti zimene zinachitika panyanja zinakonzedwa kale m'dziwe losambiramo. Timaona bambo ataima m'mbali mwa dziwe ndi wotchi m'manja, akubwereza malangizo omwewo, ana akupita ndi kubwerera. Woonera amayamba kutopa nawo bambowa, mpaka pamene injini yazima ndi pomwe amazindikira ntchito ya zaka zonsezo. Mpikisano umakakamiza mwana kuphunzira kupuma mwadongosolo, kugawa mphamvu zake kuti zisathere pachiyambi, ndi kupitiriza pamene mapewa akuwotcha. Umamuphunzitsanso kusunga nthawi, kumvera mphunzitsi, ndi kugonja pamaso pa anthu lero n'kubweranso mawa. Ku madrassa timalitchula khalidwe limeneli kuti sabr, ndipo timadziwa kuti mwana saliphunzira pongomva ulaliki. Amene wasunga Qur'an pamtima analipeza pobwereza ayah yomweyo m'mawa uliwonse, ndipo wosambira amalipeza m'njira yofananayo.

Apa ndi pomwe kanemayu akutifunsa funso ife eni nyanja. Mwana wa ku Makanjira, ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota amadziwa kusambira asanadziwe Alif ndi Ba, ndipo timanyadira zimenezi. Koma kusambira kwake n'kwa masewera: amadumpha pamwala, amathamangitsana pang'ono, akatopa amaponda pansi. Ndi angati mwa ana athu angathe kukhala pamadzi akuya ola lathunthu osachita mantha? Ndi angati amadziwa kukoka mnzawo amene akumira popanda kumira naye limodzi? Bwato likagubuduzika kutali ndi gombe, chimene chimapulumutsa munthu, mwa chifuniro cha Allah, ndi luso limene linaphunzitsidwa ndi kuyesedwa. Kukhala pafupi ndi madzi kwatipatsa chidaliro choposa luso lathu lenileni.

Komabe kanemayu ali ndi zofooka ziwiri. Choyamba, akafika ku Berlin amasanduka kanema wamba wa zamasewera. Yusra akumana ndi mphunzitsi Sven Spannekrebs, ayambiranso kuphunzira, ndipo mu 2016 apita ku masewera a Olympics ku Rio de Janeiro m'gulu la othawa kwawo, limene munali osewera 10. Kanema amathera pa kupambana kwake pa mtunda wa mamita 100 m'kasambiridwe kotchedwa butterfly, ndipo chisangalalo chake n'chonga cha munthu amene walandira mendulo yagolide. Zoona zake n'zakuti anapambana m'kagulu kake ka ndime yoyamba, ndipo nthawi yake sinamufikitse pakati pa 16 amene anapitirira. Sitikunyoza khama lake, pakuti kungofika ku Rio kunali kwakukulu. Tikudandaula kuti opanga kanema anaika Rio pamwamba pa usiku wa pa Aegean. Sara anabwerera ku Lesbos kukathandiza othawa anzake, ndipo mu 2018 anamangidwa n'kukhala m'ndende masiku oposa 100, koma kumangidwa kwakeko kwangolembedwa m'mawu ochepa kumapeto. Pa sikelo ya Surat al-Ma'idah, ayah 32, imene imatiphunzitsa kulemera kwa kupulumutsa moyo umodzi, ntchito yaikulu ya asungwanawa inachitika popanda woombera m'manja.

Kulakwitsa komweku kungagwere kholo lililonse. Mpikisano ndi wabwino pamene ukumanga mwana, koma kholo likayamba kuona mendulo m'malo mwa mwana, wochedwa amadziona wopanda pake ndipo wothamanga amadzikuza. Kanemayu akuonetsa pang'ono ululu umenewu mwa Sara, amene akuona kuti maso a bambo ake ali pa mng'ono wake, koma saufufuza mokwanira.

Chofooka chachiwiri chikukhudza haya, manyazi amene Chisilamu chimatiphunzitsa. Muli zigawo za magule ausiku ndi mowa, muli zovala zosambirira zosabisa thupi, ndiponso chigawo chowawa chimene mwamuna akufuna kugwirira mmodzi wa asungwanawa paulendo. N'chifukwa chake tikuti ana aang'ono asaonere, ndipo achinyamata aonere ndi munthu wamkulu wokhoza kudumphitsa zigawo zina ndi kukambirana nawo.

Koma tisagwiritse ntchito chofookachi pobisa chathu. M'midzi yathu yambiri msungwana akatha msinkhu, kunyanja amapitako kukatsuka mbale, kuchapa ndi kusamba m'madzi osaya, ndipo luso limene anali nalo ali mwana limazilala. Chonsecho amakwera maboti omwewo amene amuna amakwera, nthawi zina ali ndi mwana kumsana. Zimanenedwa kuti Sayyidina Umar ibn al-Khattab (r.a.) analangiza Asilamu kuphunzitsa ana awo kusambira, kuponya mivi ndi kukwera pakavalo, ndipo sitipeza chifukwa chomuchotsera mwana wamkazi pa chinthu chimene chingasunge moyo wake. Vuto la kavalidwe lili ndi yankho. Mu 2004 mayi wa Chisilamu wa ku Australia, Aheda Zanetti, anapanga chovala chosambirira chobisa thupi lonse kupatula nkhope, manja ndi mapazi, chotchedwa burkini. Matelala athu akhoza kusoka chofanana nacho ndi nsalu yopepuka yosamwa madzi. Asungwana angaphunzire pa doko la amayi, pa nthawi yawo, mophunzitsidwa ndi amayi anzawo.

Sitikusowa dziwe la simenti kuti tiyambe. Dziwe la ku Olympics ndi lotalika mamita 50, mtunda umene tingauyeze m'mbali mwa gombe ndi chingwe ndi zigubu zoyandama. Chofunika ndi kusankha malo mosamala, kutali ndi bango ndi mathiriro a mitsinje kumene kumapezeka ng'ona ndi mvuu, pakhale akuluakulu odziwa kusambira ndi bwato pafupi, ndipo ana azilandira mankhwala a likodzo monga azaumoyo amalangizira. Makomiti athu a madrassa amadziwa kale kukonza mipikisano yowerenga Qur'an, kotero kukonza wa kusambira, pa nthawi yosasemphana ndi swala kapena sukulu, si chinthu chowakanika. Mphotho isapite kwa wothamanga yekha. Alandirenso amene wakhala nthawi yaitali akuyandama, ndi amene wakokera mnzake kumtunda m'njira yoyenera.

Paja akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Bambo a Sara ndi Yusra ankakonzekeretsa ana awo mpikisano, osadziwa kuti Allah wawalembera mayeso ena pakati pa Turkey ndi Greece. Nafenso sitidziwa tsiku limene injini idzazime ana athu ali m'boti. Makolo amene aonere kanemayu akafunse ku komiti ya mzikiti wawo kuti ndani angayambe kuphunzitsa ana kusambira mwadongosolo, anyamata pawokha ndi asungwana pawokha, nyengo ya Mwera isanafike.