Mpheta si "sparrow" basi

Timindandanda ta mayina a mbalame tomwe ana asukulu amaloweza tili ndi chizolowezi chimodzi chomwe chimandinyansa: liwu limodzi la Chichewa, liwu limodzi la Chingerezi, nkhani yatha. Khwangwala ndi crow, kadzidzi ndi owl, mpheta ndi sparrow. Ziwiri zoyambazo tizisiye kaye. Chachitatucho n'chomwe chili ndi mlandu.

Tsegulani buku lazithunzi za mbalame pa liwu loti sparrow. Kawirikawiri mupeza Passer domesticus, kambalame kotuwa komwe kamatola nyenyeswa pamsika wa Chezi, pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima. Komatu kameneka n'kobwera. Anthu anakabweretsa ku South Africa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenaka kanafalikira chakumpoto, ndipo ku Malawi kanayamba kuoneka cha m'ma 1960. Pomwe Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lonse mu 1922, linali litagwiritsa kale ntchito liwu loti mpheta pa Mateyu 10:29. Omasulira aja sanalipeke. Analipeza pakamwa pa anthu. Ndiye agogo athu ankati mpheta poloza chiyani?

Ankaloza gulu. Timbalame tating'ono todya njere, toyenda tambirimbiri, togwera pa mapira kapena pa mphale yoyanika pamkeka. Wasayansi amatigawa m'mitundu ingapo poyang'ana mlomo ndi nthenga. Mayi yemwe wayanika mphale alibe nazo ntchito zimenezo: iye akuti mwana akhale pafupi aziingitsa mpheta. Liwuli likunena zomwe mbalameyo imachita pakhomo, ndipo mlendo uja atafika analowa m'gululo chifukwa khalidwe lake ndi lomwelo.

Pena mumamva ophunzira anzathu akuti Chichewa n'chosauka, eti poti buku la Dowsett-Lemaire ndi Dowsett la 2006 lili ndi mitundu ya mbalame za m'Malawi pafupifupi 650, pomwe mayina athu safika pamenepo. Kuwerenga kotereku n'kolakwika. Chingerezi cha munthu wamba nachonso sichifika pa 650. Mayina ambiri a m'mabukumo anachita kukonza akatswiri, polumikiza mawu awiri kapena atatu. Tikuyerekeza chilankhulo cha pakhonde ndi cha m'buku la sayansi.

Chinanso chomwe mindandandayi imataya ndi galamala. Timati mpheta zabwera, njiwa zikulira, koma apumbwa atha tomato kudimba, akhwangwala aba chimanga, anamzeze amanga pakhonde. Pumbwa, khwangwala ndi namzeze ali m'gulu la mayina limodzi ndi anthu, la 1a, pomwe mpheta ndi njiwa zili m'gulu 9 ndi 10. Mwana woloweza kuti pumbwa ndi bulbul sauzidwa n'komwe kuti akachuluka ndi apumbwa.

Olemba mabuku asukulu ndi a mtanthauziramawu akanamalemba pambali pa dzina lililonse ngati likuimira mtundu umodzi kapena gulu, kuchulukitsa kwake, ndi dera lomwe analimva. Wa ku Dowa ndi wa ku Nsanje sangolozera mbalame imodzimodzi nthawi zonse akamati timba.