Kuba Kopanda Mlandu: Chisuweni m'Mafilimu a Mbava Zokondana

Nkhani ino ikuyesa kuyankha funso limene lakhala likundizunguza mutu kuyambira ndili mnyamata ku Buchi, mumzinda wa Kitwe. M'komboni imeneyi, monganso m'makomboni ena a ku migodi, mfuu yakuti "kabolala!", mawu a Chibemba amene ife a Chinyanja timati kawalala, inali yokwanira kutulutsa anthu m'nyumba atanyamula miyala ndi zibonga. Koma anthu omwewo akakhala pansi kuonera filimu ya mbava yochenjera, imene ikufunsira mkazi kwinaku ikukonza zothyola nyumba yosungiramo chuma, ankaisekerera, kuiombera m'manja, mwinanso kuichenjeza mofuula kuti mlonda akubwera. Kodi mbava ya pa kanema ili ndi chiyani chimene mbava ya pa msika ilibe?

Yankho limene ambiri amathamangira kupereka ndi lakuti mbava yotere ndi Kalulu wa m'nthano wovala suti. Yankholi si lopanda maziko. Munthu amene anakula akumva za Kalulu, yemwe anakana kukumba nawo chitsime koma namamwa madzi ake atanyengerera alonda ndi uchi, sangadabwe kuona wochenjera akupusitsa amphamvu. Filimu ya The Magic Garden, imene Donald Swanson anajambula ku Alexandra, mu Johannesburg, n'kutuluka mu 1951, ikuyenda m'njira yomweyi. Tommy Ramokgopa akusewera ngati mbava imene yaba mapaundi 40 m'tchalitchi, ndipo pothawa ikubisa ndalamazo m'dimba la mayi wamasiye. Ndalama zija zikungoyendayenda m'manja mwa anthu osauka, mpaka kuthandiza mnyamata wofuna kukwatira mtsikana amene gawo lake anasewera ndi Dolly Rathebe. Apa Kalulu alipodi. Komabe tiyenera kuzindikira kuti mufilimuyi wakuba ndi wina, wokondana ndi ena. Kalulu sakonda munthu. Akakwatira mwana wa mfumu m'nthano, mkaziyo amakhala mphotho chabe, wosayankha, wosatsutsa. Choncho Kalulu akutifotokozera chifukwa chake timaseka mlonda akapusitsidwa, koma sakutiuza kanthu za mtundu wa filimu umene kuba ndi kufunsirana zalukana ngati nkhata.

Chitsanzo choyera cha mtundu umenewu ndi Trouble in Paradise, filimu ya Ernst Lubitsch ya 1932. Mu hotela ina ku Venice, mwamuna wodzitcha mfulu yolemera (Herbert Marshall) waitana mkazi wodzitchanso wa banja lachifumu (Miriam Hopkins) kuti adzadye naye chakudya chamadzulo. Onse awiri ndi mbava. Ali mkati mwa kudya, mwaulemu wonse, ayamba kubwezerana zimene aberana pa tebulo pomwepo: chikwama cha ndalama, chomangira chovala cha pachifuwa, wotchi, ndipo potsiriza kalamba komangira sokosi ya mkaziyo, kamene mwamuna akukana kubweza. Pamenepo ndi pamene chikondi chikubadwira. Woonera akuzindikira kuti kuba kumeneku ndi kucheza. Aliyense akuuza mnzake kuti: ndakuona, ndakudziwa, ndipo dzanja langa ndi lofulumira ngati lako. Palibe wopusitsidwa, chifukwa chinthu chilichonse chobedwa chikuululidwa.

Kwathu kum'mawa khalidwe lotere lili ndi dzina, ndipo dzinalo ndi chisuweni. Mwana wa malume ndi mwana wa azakhali amanyozana poyera, amatchulana kuti mkazi wanga kapena mwamuna wanga, ndipo wina akhoza kutenga chipewa kapena nkhuku ya mnzake mwini wake akuona, osaitanidwa ku bwalo. Kale ukwati wa pa chisuweni unali wololedwa ndiponso wokondedwa. Nthabwala, kulanda ndi kufunsira zimakhala m'mphika umodzi. Ku migodi ubale woterewu unakula n'kukhala wa mitundu. J. Clyde Mitchell, m'buku lake The Kalela Dance la 1956, anafotokoza za kunyozana kololedwa pakati pa mitundu ya anthu m'matauni a ku migodi, ndipo chimbuya cha Abemba ndi Angoni, chimene masiku ano chimakuta pafupifupi aliyense wochokera kum'mawa, chikadali chamoyo. Amene anafikapo pa maliro ku Buchi kapena ku Chimwemwe anaona ambuya akupaka anamfedwa ufa kumaso ndi kuwalipitsa ndalama, anthu n'kumaseka misozi ili m'masaya.

Maganizo amenewa sindinawatole m'buku. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mnansi wathu wina ku Buchi anali ndi vidiyo, ndipo madzulo ana ndi akulu tinkadzaza pabalaza pake. Tsiku lina matepi a nkhonya atasowa, anaika How to Steal a Million, filimu ya William Wyler ya 1966. Ife anyamata tinayamba kung'ung'udza poona kuti anthu akungoyankhula. Koma azakhali anga, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Katete ndipo Chingerezi sankachimva n'komwe, atayang'ana kwa kanthawi mmene Audrey Hepburn ndi Peter O'Toole ankayankhirana, anati: "Iwe, usandinamize, awa ndi pachisuweni." Sanamve liwu ngakhale limodzi, koma anamva kayendedwe ka mawu: kubaya ndi kubwezera, kukwiya kwa pakamwa pokha maso akuseka.

Filimu imeneyi ndi yoyenera kuiunika pang'ono chifukwa ikusonyeza malire a kuba kololedwa. Bambo wa mtsikanayo ndi katswiri wopanga zithunzi zachinyengo, ndipo wabwereketsa ku nyumba yoonetsera zinthu zaluso mu Paris chiboliboli chimene anthu akuchiyesa cha Cellini pamene ndi chabodza. Akatswiri akachipima, banja lonse lichita manyazi. Motero mtsikanayo akupempha munthu amene akumuyesa mbava kuti amuthandize kuba katundu wa bambo wake yemwe. Awiriwo akubisala m'kachipinda kosungiramo matsache, ndipo mwamunayo akuliza belu lochenjeza alonda mobwereza, mpaka alondawo, atatopa ndi phokoso ndi madandaulo a akuluakulu okhala pafupi, akulizimitsa okha. Uwu ndiye uchi wa Kalulu uja. Koma taonani chimene chabedwa: chinthu chopanda mtengo, cha mwini wake, chotengedwa popanda kukhetsa magazi. Msuweni amatenga nkhuku, satenga nkhokwe. Olemba mafilimu otere amalidziwa lamuloli ngakhale sanamvepo za chisuweni, n'chifukwa chake woberedwa amakhala wolemera kwambiri, kapena wakuba mnzawo, kapena kampani ya inshuwalansi yopanda nkhope. Mbava ya pa msika wa Chisokone imalanda mayi ndalama ya ndiwo za ana, ndipo imabisa nkhope. Kusiyana kwagona pamenepo.

Pali chinthu china chimene mbiri ikutikumbutsa. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 ndi kulemba Copper Town (1962), anapeza kuti oonera mafilimu ku migodi ankakonda kwambiri akauboyi, ndipo ngwazi ya mufilimu ankangoitcha Jack. Charles Ambler, polemba mu 2001, anasonyeza mmene boma la atsamunda linkadulira mafilimu oonetsedwa kwa anthu akuda, poopa kuti angaphunzire upandu kapena kupeputsa akazi achizungu. Ndiye kuti zinthu ziwiri zimene zimamanga mtundu wa filimu tikukambawu ndi zomwezo zimene lumo la boma linkasaka. Nkhani yakuti anthu a ku migodi amangokonda nkhonya tiyenera kuilandira mosamala, pakuti munthu amadya chimene wapatsidwa.

Kwa ife aphunzitsi a chiyankhulo, phindu la zonsezi lili pa zokambirana. Mabuku ambiri a Chinyanja amene timaphunzitsa m'sukulu analembedwa ndi cholinga cholangiza, ndipo mnyamata wopita ku tauni n'kuyamba kuba amathera m'ndende kapena m'manda. Mwamuna ndi mkazi m'mabukuwa kawirikawiri amayankhulana ngati akuwerenga kalata. Chonsecho pakamwa pa anthu luso lobayana ndi mawu ndi lochuluka, ndipo Julius Chongo analionetsa pa wailesi m'nthano zake za Poceza m'Madzulo. Chimene chikusowa si mawu, koma chilolezo cholemba munthu wochimwa amene tikumukonda, ndi mkazi amene nzeru zake zikulingana ndi za mwamuna. Paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Wochenjera wopanda womuyankha satenga nthawi kutopetsa owerenga.

Chaka chatha ndinapatsa ophunzira anga ntchito yomasulira m'Chinyanja chigawo chija cha pa tebulo ku Venice. Ndinkayembekezera kuti adzavutika ndi mayina a ulemu a Azungu, koma mkangano unabuka pena. Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha lolozera munthu amene ukuyankhula naye, pamene ife tili ndi inu ndi iwe. Womasulira ayenera kusankha nthawi imene mbava ziwirizo zisiye inu n'kuyamba iwe, chinthu chimene Lubitsch sanafunikire kuchiganizira. Ena anati kusinthaku kuchitike pa chikwama, poti chinsinsi chaululika kale. Ena anati kudikire kalamba ka sokosi. Mtsikana wina wa ku Petauke anatsutsa onsewo, nati awiriwo asasiye inu mpaka chigawo chithe, chifukwa kwawo msuweni akafuna kukunyoza kwenikweni amakupatsa ulemu wopitirira muyeso, kukugwadira ndi kukutcha mfumu, dzanja lili m'thumba mwako. Titawerenga mokweza mamasuliridwe atatuwo, kalasi inaseka kwambiri pa lachitatu.