Mzere umodzi sukwanira mawu akuti "right"

Ndawerenga mndandanda wa mawu a zinenero zitatu umene aphunzitsi ena ku Angónia akubwerekana pophunzitsa Chingerezi. Amene anaulemba anakhetsa thukuta, ndipo mawu ambiri a m'kalasi ndi a pamsika anawapeza bwino. Koma pa "right" ndinaima. Mzere wake ndi umodzi wokha: right, direito, kumanja.

Palibe bodza pamenepo. Vuto ndi zimene zasiyidwa. Mwana woloweza mzerewu akamva mphunzitsi akuti "You are right" adzayang'ana dzanja lake, chikhalirecho akuuzidwa kuti wakhoza. "Human rights" ndi ufulu wachibadwidwe. "Right now" ndi pompano. M'masamu, "right angle" ndi ngodya ya madigiri 90, imene Chipwitikizi chimati "ângulo recto".

Chasokoneza wolembayu, m'kuona kwanga, ndi Chipwitikizi chapakaticho. "Direito" amagwirizana ndi "right" pa mbali ya dzanja komanso pa ufulu, ndiye munthu amayesa wafika. Koma kukhoza ndi "certo" kapena "ter razão", ndipo "direito" ali ndi katundu wakewake: kuwongoka, ngakhalenso maphunziro a zamalamulo. Tikadzera ku Chipwitikizi popita ku Chinyanja, matanthauzo ena amagwa panjira, ena achilendo n'kukwera.

Gawo la mawu ofanana tanthauzo nalonso lathamanga. Laika "correct" ndi "true" pambali pa "right" popanda chiganizo ngakhale chimodzi. Yankho lingakhale "right" kapena "correct", inde, koma woyendetsa galimoto sungamuuze kuti "turn correct".

Chimene chikundiwawa n'chakuti ana athu nkhaniyi amaidziwa kale. Mwana wa zaka 6 sasokoneza mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo. Amamva mawu, amamva njala, amamva masamu. Ngakhale "ufulu" weniweniwo ndi uja tinalandira mu 1975, ndiponso ndi ufulu wa mwana wopita kusukulu. Kuyambira nthawi ya PEBIMO, ku Tete ndi ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997, mfundo yathu yakhala yoti chinenero cha kunyumba chikhale poyambira. Mndandandawu wachiika kumapeto kwa mzere ngati mlendo wochedwa.

Ndikanakonda wolembayu achotse mawu ena osowa ntchito, malowo apatse "right" mizere inayi, uliwonse ndi chiganizo chake, Chinyanja chikutsogola.