Jombo za Kemmerich

Ndawerenganso buku la Erich Maria Remarque lotchedwa All Quiet on the Western Front, lomwe lidatuluka m'Chijeremani mu 1929. Chimene chanditsalira m'mutu si mfuti kapena mabomba ayi, koma jombo.

Wofotokoza nkhaniyi ndi Paul Bäumer, mnyamata wa ku Germany amene adalowa usilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse atakopedwa ndi mphunzitsi wake, Kantorek. Mnzake, Kemmerich, ali gone m'chipatala atamudula mwendo, ndipo aliyense akuona kuti sadzukanso. Koma mnzawo wina, Müller, maso ali pa jombo za wodwalayo. Poyamba ndidanyansidwa naye. Munthu wanji wosirira nsapato za mnzake asanatsirizike n'komwe? Komatu Remarque salola kuti timuweruze msanga. M'ngalande zodzaza matope, makoswe ndi nsabwe momwe asilikali ankakhala, jombo yabwino ndi moyo, ndipo wakufa savala jombo. Müller naye atafa, jombozo zikugwera Paul. Abale inu, nsapato kukhalitsa kuposa eni ake!

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli. Remarque, amene naye adavulala kunkhondoko mu 1917, akutionetsa nkhondo kudzera m'tinthu ting'onoting'ono. Paul atabaya msilikali wa ku France, Gérard Duval, m'dzenje lokumbidwa ndi bomba, akukhala naye maola ambiri mpaka kumwalira. Kenaka akutsegula kachikwama ka malemuyo n'kupeza zithunzi za mkazi ndi kamtsikana. Basi, mdani uja wasanduka bambo wa mwana.

Chilema chilipo ndithu. Pena Paul amatalikitsa madandaulo a m'badwo wake ngati mlaliki wosadziwa poimira, chonsecho jombo zija zidanena kale zonse. Komabe chipani cha Nazi sichidaliotche chabe bukuli mu 1933. Chidadziwa kuti mnyamata woliwerenga savutika kuzindikira Kantorek akaima patsogolo pake.

Tisaiwale kuti nkhondo yomweyi idafika ku Karonga mu 1914, ndipo makolo athu ambirimbiri adasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga. Chipilala chokumbukira asilikali chilipo ku Zomba. Nanga inu alembi athu, ndani adzatiuze amene adatola bulangete la mtengatenga atagwa panjira?