Galimoto Yopeka Si Galimoto Yabodza

M'masewero a pakompyuta a BeamNG.drive, amene kampani ya ku Bremen, m'dziko la Germany, inayamba kugulitsa pa Steam mu 2015, muli vani yotchedwa Gavril H-Series. Palibe fakitale imene inapangapo vaniyi. Komabe kuitcha "yabodza" n'kulakwa, pakuti bodza ndi chinyengo. Wokonza vani yoti iziyenda m'matope ndi m'miyala amawerengera kulemera kwake, kutalika kwake kuchokera pansi, masipuling'i ndi mphamvu yopita ku mateyala onse anayi. Akalakwitsa, vaniyo imagubuduka pachitunda. Tsono liwu loyenera ndi "yopeka", monga timanenera "nkhani yopeka": chinthu chobadwa m'maganizo koma chomvera malamulo a chilengedwe. Alembi, akonzi ndi aphunzitsi asasokoneze mawu awiriwa.