Mabuku Amene Timatamanda Osawaona

Pakati pa ife okonda zolemba za Chichewa pali chizolowezi china chimene sitikonda kuchitchula poyera. Timatamanda mabuku amene sitinawagwirepo m'manja. Pamene alembi akumana, maina a akuluakulu amatuluka mosavuta: Samuel Josia Ntara, E.W. Chafulumira, John Gwengwe, E.J. Chadza, Jolly Max Ntaba. Aliyense amagwedeza mutu kuvomereza kuti awa ndiwo adalambula njira. Koma wina atafunsa kuti ndani mwa ife adawerenga Msyamboza wa Ntara kuyambira tsamba loyamba mpaka lotsiriza, kapena Kazitape wa Chafulumira, m'nyumbamo mukhoza kugwa bata ngati pamaliro. Ulesi ulipo ndithu, sindikana, koma chifukwa chachikulu n'chakuti mabukuwo sapezeka. Zotsatira zake n'zakuti zambiri zimene timalemba posanthula mabuku akale timangozitapa m'nkhani za anzathu, nawonso adazitapa kwa ena. Akuluakulu adatichenjeza kale kuti kandimverere adakanena zam'maluwa.

Ntchito yosanthula zolemba imafuna buku patebulo. Ndikati Gwengwe adali katswiri pokometsa chiganizo ndi mwambi, ndiyenera kutsegula Kukula ndi Mwambo ndi kuloza pamene wachita zimenezo, ndipo wonditsutsa akhale nalonso bukulo kuti andionetse pamene ndapotoza. Popanda buku palibe mtsutso, pamangokhala kutamandana. N'chifukwa chake nkhani ya malaibulale ndi nyumba zosungira zolemba zakale ndikuiona kuti ndi yathu ife alembi, ngakhale timakonda kuisiyira anthu amene adaphunzira ntchito yosunga mabuku.

Lamulo lilipo, ndipo ndi lakale kuposa ufulu wathu. Printed Publications Act ya 1947 imalamula wosindikiza buku m'dziko muno kuti apereke buku limodzi kwa mkulu wosunga zolemba za boma. M'chaka chomwecho ku Zomba kudatsegulidwa nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake lidali ku Salisbury, ndipo nthambiyo ndiyo idasanduka National Archives of Malawi mu 1964. Kunena mwachidule, buku lililonse la Chichewa losindikizidwa muno kuchokera nthawi imeneyo liyenera kukhala ndi pogona ku Zomba. Lamuloli lidalembedwa pamene osindikiza adali owerengeka: a mishoni ku Nkhoma, ku Blantyre ndi ku Likuni, a boma, kenaka a Montfort ku Limbe. Iwo adali ndi maofesi odziwika ndi makalaliki osunga kaundula. Lero mlakatuli amalemba pa kompyuta yake, n'kupita kwa munthu wa makina m'tauni, n'kusindikiza mabuku ochepa amene angakwanitse, n'kuwagulitsa yekha atawanyamula m'chikwama. Ambiri mwa anzanga otere amene ndidawafunsa sadziwa n'komwe kuti pali lamulo limeneli. Buku lawo likatha, latha basi.

Komanso tiyerekeze kuti onse akumvera lamulo. Buku limodzi, m'nyumba imodzi, m'tauni imodzi, ndi chitetezo chochepa kwambiri. Mbiri yathu yomwe ikutiuza zimenezi. Mu 1919 moto udatentha ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata ambiri a boma a kuyambira 1891 adapsa. Amene amafufuza mbiri ya zaka zimenezo amadalira kwambiri makalata amene adatumizidwa ku London ndi amene adasunga amishoni. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University idapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa. Anthu akufuna kwabwino, a kuno ndi a kunja, adasonkha mabuku, ndipo tiwathokoze. Koma buku la sayansi ya zamoyo losindikizidwa ku London likhoza kugulidwanso mawa lomwe. Kabuku ka Chitumbuka kapena ka Chichewa kamene kadatuluka kamodzi kokha zaka makumi asanu zapitazo, kampani yake n'kutsekedwa kale, palibe sitolo imene ingakagulitsenso. Moto umamveka pa wailesi chifukwa umawononga usiku umodzi. Chiswe, njenjete, chinyezi cha m'dzinja ndi denga lodontha zimachita ntchito yomweyo mwakachetechete, ndipo palibe amene amasonkha kalikonse.

Tsono tibwere ku mashelefu a malaibulale amene munthu wamba amalowamo. National Library Service idakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ndipo yagwira ntchito yaikulu ndi ndalama zoperewera. Idatulutsa timabuku ta ana totchedwa Werengani, ndipo m'zaka za m'ma 2010 idayendayenda m'maboma, mogwirizana ndi nthambi ya UNESCO ya m'dziko muno, kujambula agogo akusimba nthano. Zimenezo n'zoyamikika. Vuto ndi lakuti laibulale yopanda ndalama zogulira mabuku imadzaza mashelefu ndi zimene yapatsidwa, ndipo zopatsidwazo zimachokera kunja, kudzera m'mabungwe monga Book Aid International. Wopereka amapereka zimene ali nazo. Kwawoko kulibe Njala Bwana wa Willie Zingani.

Ndidalowapo m'laibulale ina ya m'tauni, imene sindiitchula, kukafuna nthano zazitali za Chichewa. Mayi amene adali pa kauntala adandilandira mwaulemu, nati, "Bambo, za Chichewa zili pakona apo, koma musayembekezere zambiri." Pakonapo ndidapeza mabuku osakwana dzanja limodzi la mitu, onse a pa silabasi ya sekondale, masamba atatha ndi manja a ana a sukulu. Shelefu yoyandikana nayo idali yodzaza ndi mabuku onenepa ophunzitsa kasamalidwe ka dimba la maluwa m'nyengo ya chipale. Adali atsopano, osatsegulidwapo. Mayiwo sadalakwe kanthu. Iwo amasunga zimene zafika.

Ngakhale kaikidwe ka mabuku kali ndi mawu ake. Njira ya Dewey, imene malaibulale athu ambiri amatsata, imapatsa zolemba za Chingerezi manambala onse kuyambira 820 mpaka 829. Zolemba za m'zinenero za mu Africa zidaunjikidwa pa nambala imodzi, 896. Kumeneko ndi kumene Chichewa chimapanikizana ndi Chiswahili, Chizulu, Chiyoruba ndi zinenero zina mazanamazana. Mwana amene akulowa m'laibulale koyamba saidziwa mbiri ya njirayi, koma maso ake amaona kuti chinenero cha amayi ake chili pansi, pakona, pafupi ndi tsache.

Kwa ine, chimene chimapweteka kwambiri ndi mphamvu imene silabasi yatenga. M'dziko muno buku la Chichewa limakhala ndi moyo pamene lili pa mayeso. Likachotsedwa, wosindikiza amaleka kulitulutsa, ogulitsa amaleka kuliitanitsa, ndipo pakatha zaka zochepa limasowa ngati silidalembedwepo. Amene adaphunzira m'nthawi ya Mkwatibwi Wokhumudwa wa P.P. Litete amalikumbukira bukulo mwachikondi, koma pitani mukalifune lero. Nthondo wa Ntara, amene adapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures ndi kusindikizidwa mu 1933, adapezekanso m'manja mwa achinyamata chifukwa adabwezeredwa pa silabasi. Ndikukondwa kuti adabwerera. Koma ndikudandaula kuti komiti yosankha mabuku a mayeso, imene ntchito yake ndi kuganizira ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndiyo yakhala ikugamula mosadziwa kuti ndi mabuku ati amene mtundu wonse uziwakumbukira. Imeneyo idayenera kukhala ntchito ya laibulale: kusunga buku panthawi imene msika walitaya, kufikira litapeza owerenga ena.

Pali kanthu kenanso kokhudza Nthondo yemweyu. Kalembedwe ka Chichewa kasintha kangapo. Chichewa Board, imene idakhazikitsidwa mu 1972, idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndipo adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Buku lakale likamasindikizidwanso limakonzedwa kuti ligwirizane ndi malamulo atsopano, ndipo kwa mwana wa sukulu zimenezo n'zothandiza. Koma wosanthula amafuna kudziwa chimene mlembi mwiniyo adalemba. Kodi wokonzayo adangosintha zilembo, kapena adachotsanso mawu amene adawaona ngati achikale, kapena a chigawo chimodzi? Funso limeneli silingayankhidwe popanda kuika buku la 1933 pambali pa la lero. Laibulale imene imataya buku lakale chifukwa kwabwera latsopano looneka bwino imataya umboni. Ndi dzina lomwe la mlembiyu lidasintha: m'mabuku akale ndi Ntara, m'atsopano ndi Nthara. M'makaundula a malaibulale a kunja chinenero chathu chimalembedwa kuti Nyanja, kwina Chewa, ku Zambia Cinyanja, ndipo kuno chidatchedwa Chichewa kuyambira 1968. Wofufuza amene walemba dzina limodzi lokha pa kompyuta amaona theka la zimene zilipo, n'kuganiza kuti waona zonse.

Ndatchula malaibulale a kunja chifukwa zambiri zathu zili kumeneko. Makalata a mishoni ya Livingstonia ambiri ali ku National Library of Scotland ku Edinburgh. Makalata ochuluka a Dr H. Kamuzu Banda ali ku Indiana University ku America. Nyimbo zimene Hugh Tracey adajambula m'midzi ya Nyasaland mu 1950 ndi mu 1958 zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University, ku South Africa. Mbiri ya Achewa ya Ntara idamasuliridwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa ku Wiesbaden, ku Germany, mu 1973. Anzanga ena akamva izi amapsa mtima, amati zonse zibwerere kwathu. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa. Koma ndimadzifunsanso kuti zikadakhala kuno zikadapulumuka kodi? Ndipo zitabwera lero tikaziika m'chipinda chiti? Chimene tingapemphe mopanda manyazi, ndipo n'chotheka, ndi zithunzi za masamba amenewo pa kompyuta, zoti mwana wa ku Dowa aziwerenga osalipira ndege. British Library, kudzera mu Endangered Archives Programme, idathandizapo kale kujambula zina mwa zolemba zakale za m'maboma athu. Komabe kompyuta si mankhwala a matenda onse. Imafuna magetsi, imafuna munthu wolipidwa woiyang'anira, ndipo amene adasunga zolemba zake pa madisiki a m'ma 1990 akudziwa kuti lero makina owerengera madisikiwo ndi osowa kuposa buku la ku Nkhoma.

Zonsezi ndakamba za mabuku, chonsecho gawo lalikulu la luso la Chichewa silidalowepo m'buku. Lidapita pa wailesi. Kuyambira pamene MBC idakhazikitsidwa mu 1964, mabanja ankasonkhana kumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Amenewo adali masewero opangidwa ndi anthu aluso, omvedwa ndi anthu ochuluka kuposa amene adawerengapo buku lililonse la Chichewa. Munthu wofuna kulemba mbiri ya zisudzo za Chichewa sangawalumphe, koma ayenera kuyamba wapeza matepi ndi mapepala ake. Ku Zambia nthano za Julius Chongo za pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo tikhoza kuziwerenga ndi kuzisanthula lero chifukwa Ernst Wendland adadzipereka kuzilemba papepala ndi kuzifufuza. Ndi mwayi kuti adapezeka munthu mmodzi wotero, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti zidadalira mwayi. Chimodzimodzinso nthano zazifupi ndi ndakatulo za m'manyuzipepala ndi m'magazini, kuyambira Msimbi wa nthawi ya atsamunda, Moni, Odini, mpaka masamba a Chichewa a Tikambe ndi Tamvani. Alembi ambiri adaphunzirira kulemba m'menemo. Pepala la nyuzipepala silichedwa kufiira ndi kuthetheka, ndipo kumudzi limathera kukulungira mandasi kapena fodya. Alakatuli a lero atulukanso m'mapepala, akutumiza mawu awo pa WhatsApp ndi pa Facebook. Lamulo la 1947 silidalote za ndakatulo imene imakhala m'foni yokha, foniyo n'kugwera m'madzi.

Sindingatseke maso pa zaka za chipani chimodzi. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 lidapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku, ndipo Of Chameleons and Gods wa Jack Mapanje, wotuluka mu 1981, adachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale mlembi wake asanamangidwe mu 1987. Kufufuza ku Zomba kunkafuna chilolezo chovuta kupeza. M'nyengo yotere munthu wanzeru sasunga pepala limene lingamuike m'ndende. Ndikuganiza kuti mantha amenewo adatisiyira chizolowezi chosasunga, chimene chidakalipo ngakhale Access to Information Act idayamba kugwira ntchito mu 2020. Ufulu wopempha kalata uli ndi phindu pokhapokha kalatayo ikadalipo.

Ndipo ife alembi tili ndi mbali yathu imene sitingaikankhire boma. Mlembi akamwalira, abale amagawana njinga, wailesi ndi malata. Sutikesi ya mapepala imakankhidwira pansi pa bedi, muli zolemba zoyamba za mabuku ake, makalata a pakati pa iye ndi osindikiza, ndi nthano zimene sadazimalize. Wosanthula amaphunzira zambiri poona mawu amene mlembi adafufuta ndi amene adaikapo m'malo mwake. Bungwe la alembi likhoza kuyendera mabanja otere lisanafike dzinja lina, kupempha mwaulemu kwa amayi amasiye ndi ana, kulemba zimene zili m'sutikesimo, ndi kukazisiya kumene zingasamalidwe, zina ku Zomba, zithunzi zake ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Likhozanso kupempha membala aliyense amene watulutsa buku kuti abweretse atatu pa msonkhano wapachaka, limodzi la ku National Archives, awiri a malaibulale a mayunivesite, ndipo mlembi wa bungwe alembe mitu yake m'kaundula.